Jenereta ya kwa a Gama

Poti magetsi athima ndipo sitikudziwa kuti ayaka liti, sendezani mipando kuno kumbaula ndikuuzeni zimene zinaoneka ku Bangwe, kumtunda kuja kumene nyumba zimathera m'mphepete mwa phiri. Ine ndinazimva kwa Felesi mwiniwake, ndipo iye akamasimba nkhani imeneyi sayang'ana munthu kumaso.

Felesi anali mng'ono wawo wa mayi Edinesi, akazi awo a bambo Lemisoni Gama. A Gama anagwira ntchito yoyendetsa galimoto ya buledi mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, kenaka anapuma. Mwana analibe. Mulungu anawapatsa mmodzi yekha n'kumutenganso asanayambe kukwawa, ndiye anangokalamba awiriwiri, akuitanana ndi mfunda, uyu "a Gama", uyu "a Nangozo", ngati akadali pachibwenzi.

Mayi Edinesi anadwala chifuwa chachikulu. Chifuwacho chinachira, koma chinasiya mapapo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Atagona nthawi yaitali kuchipatala chachikulu, anagwira amuna awo pamkono n'kuwauza kuti, "Nditulutseni muno, a Gama. Ngati n'kufa ndikafere pabedi panga. Kuno sindidzabwereranso, ndalumbira."

Madokotala anavomera, pokhapokha kunyumbako kukakhale makina opangira mpweya. A Gama anagulitsa munda wawo wa ku Ntcheu n'kugula makinawo, kabokosi koyera kong'ung'udza usana ndi usiku, kokhala ndi kapaipi kolowa m'mphuno. Ndipo poti chaka chimenecho magetsi ankangothimathima, anagulanso jenereta yaing'ono yofiira, yogwirako kale ntchito kwa eni ake ena.

Jeneretayo anaiika m'kakhitchini ka panja, patali ndi zenera la wodwala chifukwa cha utsi, n'kuimanga ndi tcheni kunsanamira kuopa akuba. Waya unkadutsa pabwalo n'kulowa pansi pa chitseko cha kuseri. Mphamvu yake inali yochepa: makina a mpweya ndi babu imodzi ya kuchipinda, basi. Ukati ulumikizenso ketulo, jenereta inkatsamwa n'kuzima. Felesi, amene anachoka kumudzi kudzadwazika achemwali ake, anaphunzira msanga kuti magetsi akathima, filiji ndi wailesi zimaiwalika kaye.

Magetsi akangochoka, makina aja ankalira, tswii, tswii, ngati kamwana ka mbalame. A Gama ankadumpha kulikonse ali, kaya akusamba, kaya chakudya chili m'kamwa. Jeneretayo inali yokanika. Chingwe chake chinkafuna dzanja lochidziwa: kukoka pang'onopang'ono mpaka chilimbe, kenaka n'kutsomphola mwamphamvu. Felesi anayesapo, koma phewa lake linathyokapo ali mwana, ndipo ankangotolapo ululu.

"Musavutike, mlamu," ankatero a Gama. "Iyi ndi ntchito yanga. Inu muziyang'ana wodwala."

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja magetsi anathima kuyambira m'mawa. Pofika masana a Gama anasuzumira m'thanki n'kuona kuti petulo watsala pansi penipeni. Masiku amenewo mafuta ankasowa, galimoto zinkagona pamizere. Iwo anatenga chigubu chawo chachikasu kuti atsikire ku Limbe, kumene anamva kuti ena akugulitsa wa m'mabotolo.

"Kukubwera mvula," anatero mayi Edinesi. "Tengani jekete."

"Jekete njolemetsa, a Nangozo. Ndingofika n'kubwerako."

Petuloyo anamupeza. Anthu anawaona akukwera chitunda wapansi, chifukwa a minibasi anakana kuwakweza ndi chigubu chonunkha. Chakumadzulo, mvula ili mkati, lole ina inaduka mabuleki pamtsetse n'kuwapeza m'mbali mwa msewu. Kunyumba magetsi anayaka jenereta ili pafupi kuzima, ndipo Felesi anathokoza Mulungu mokweza, osadziwa kuti nthawi yomweyo amayi ena akufunditsa alamu ake chitenje pamsewu.

Maliro anakaikidwa ku Ntcheu. Mayi Edinesi sakanatha ulendo umenewo popanda makina, ndipo Felesi sakanawasiya okha. Bokosi analiimitsa pakhomo kwa kanthawi, iwo analionera pazenera, kapaipi kali m'mphuno, dzanja lili pagalasi. Ngakhale kulira kwenikweni sanalire, poti kulira kumafuna mpweya. Galimoto itanyamuka anangonena kuti, "Apita osadya."

Woyandikana nawo nyumba anali a Jafali, bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene ankalondera sitolo ina ku Limbe. Iwo analonjeza kuti akakhalapo azidzaliza jenereta, ndipo anasakasaka petulo pang'ono n'kuthiramo. Koma ntchito yawo inkayamba dzuwa likupendeka, nthawi yomwe magetsi ankakonda kuthima. Felesi ankati dzuwa likamalowa, mtima wake nawo unkalowa.

Choyamba chinali fungo. Akadzuka kukasesa, pakhonde la kuseri pankanunkha petulo ngati wina wangomutayira kumene. Anaganiza kuti thanki ikudontha, anaika pepala pansi pake, pepalalo linagona louma. Kenaka kabotolo kodula kamene a Gama ankathirira mafuta, kamene iye anakapukuta n'kukapachika pamsomali, anakapeza pansi pambali pa jenereta, kali konyowa. Anakabwezera pamsomali. M'mawa mwake kanali pansi pomwepo.

"Mwina ndi mphaka," anatero a Jafali.

Koma anakanunkhiza kabotoloko n'kukaika pansi mosamala, osapitiriza za mphakazo. Anatsegula thanki. Petulo amene iwo anathira anali wongophimba pansi. Tsopano anali m'khosi.

"Mwagula wina, mayi?"

"Ndikagule kuti, bambo Jafali? Ine pakhomo pano sindichoka."

A Jafali anatseka thankiyo, anapukuta manja pathalauza kwa nthawi yaitali, n'kupita kwawo osatsazika.

Madzulo ena, nkhuku zikulowa m'khola, magetsi anathima. Makina anayamba kulira. Felesi anathamangira kukhitchini, anakoka chingwe, anakokanso, mpaka phewa linachita ngati lang'ambika. Jenereta inangotsokomola. M'nyumba ankamva achemwali ake akuwefuka, mpweya ukulira m'khosi ngati ukudutsa m'bango. Anasiya chingwecho n'kuthamangira kunjira kuti agwire mwamuna aliyense wodutsa.

Atatuluka pageti anaima. Njira inali yopanda munthu. Agalu a m'deralo, amene magetsi akathima amauwa ngati akupikisana, anali chete onse. Ndiye kumbuyo kwake, kukhitchini kumene anangochokako, anamva chingwe chikukokedwa pang'onopang'ono mpaka kulimba. Kenaka kutsomphola. Jenereta inalira, ndipo pazenera la kuchipinda babu inayaka.

Anabwerera kukasuzumira. M'khitchini munalibe munthu. Chogwirira cha chingwe chinali chikugwedezeka, ndipo pansi panali ponyowa ngati paima munthu wochokera pamvula, chonsecho tsiku limenelo sikunagwe ngakhale dontho.

Kuchipinda anapeza mayi Edinesi atatsamira pilo, mpweya utabwerera, maso ali kudenga.

"Achemwali, kaya ndani watithandiza. Mwina wina wodutsa..."

"Usadzinamize, Felesi," anatero iwo motsitsa. "Dzanja limene lija sukulidziwa?"

Kutacha Felesi anapita kukagula makala kwa mayi wina amene ankagulitsa pamphambano, pamene njira ya kwawo imachokera kumsewu waukulu. Mayiyo anamuthirira makala m'jumbo, kenaka sanalisiye jumbolo.

"Kodi kwanuko kumabwera mlendo madzulo?"

"Mlendo wanji?"

"Pali bambo wina amadutsa pano magetsi akathima. Amanyamula chigubu paphewa, amayenda mokoka mwendo. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Amakhotera njira ya kwanu."

"Nkhope yake ndi yotani?"

"Chigubucho chimakhala mbali ya kuno, chimaphimba. Ndipo kunena zoona, mayi, ine sindifuna kuiona. Akadutsa, moto wa pambaula panga umagona pansi, chonsecho kulibe mphepo. Malaya ake amakhala akudontha."

Felesi sanauze achemwali ake zimenezi, koma panalibenso chowauza. Mayi Edinesi anasintha. Anayamba kufuna kuti azisambitsidwa masana, aziwadzoza mafuta, aziwamanga duku lawo lamaluwa limene ankapita nalo kutchalitchi. Dzuwa likapendeka ankafunsa kuti, "Kodi lero athimitsa?" Magetsi akakhala tsiku lonse osathima, ankatembenukira kukhoma, phala osalifuna. Ankamutuma Felesi kuika kapu ya tiyi pakhonde la kuseri, wa shuga wambiri monga ankamwera a Gama. M'mawa tiyiyo ankapezeka momwemo, ndipo ngakhale nyerere sizinkayandikira.

"Achemwali, izi si zabwino," anatero Felesi tsiku lina akuwapesa. "Tiitane abusa adzapemphere."

"Adzapemphere kuti chiyani? Kuti amuna anga aleke kundisamala?"

"Munthu tinamuika m'manda."

"Unamuika iwe? Unaliko? Ine sindinaliko." Anapuma kaye kuti mpweya ukwane. "Ukaitana munthu pakhomo pano, Felesi, ulongedze ubwerere kwanu."

Munthu amazolowera ngakhale zosazolowereka. Magetsi akathima madzulo, Felesi analeka kuthamangira panja. Ankakhala pamphepete pa bedi atagwira dzanja la achemwali ake, makina akulira tswii, tswii, onse awiri atatchera khutu. Agalu ankayamba kutonthola kumunsi, bata n'kumakwera chitunda nyumba ndi nyumba mpaka kufika pawo. Geti linkalira. Mapazi pabwalo, phazi lina loponda, lina lokokedwa. Chigubu chikutulidwa pansi, di. Petulo akutsikira m'thanki. Chingwe. Kenaka babu inkayaka, ndipo Felesi ankaona achemwali ake akumwetulira ngati mtsikana amene wamva mluzu wa bwenzi lake kuseri kwa mpanda.

Koma masabata akupita, kuchokera pamene magetsi athimira kufikira pamene geti lilire panayamba kutalika. Mayi Edinesi ankafika pochita milomo yakuda akudikira. Mapazi aja ankati akafika pakati pa bwalo n'kuima, ngati mwini wake akupumira, kenaka n'kuyambanso. Chingwe chimene kale chinkamvera msanga tsopano chinkakokedwa kambirimbiri, ndipo pakati pa kukokako pankamveka phokoso lina lapansipansi, lotuluka m'mano, ngati la munthu amene akunyamula katundu ndi nthiti zothyoka.

Felesi ankalimva. Ankadziwa kuti achemwali ake akulimvanso, chifukwa dzanja lawo linkamufinya nthawi iliyonse likamveka. Babu ikayaka, kumwetulira kuja kunalibenso.

Chakumapeto kwa mvula kunabwera chimphepo chimene chinagwetsa mapolo a magetsi kumtunda konseko. Anthu anauzidwa kuti adikire, kukonza kutenga nthawi. Tsopano jenereta inkalira tsiku lonse. Masana a Jafali ankaizimitsa pang'ono kuti izizire, n'kuilizanso. Pofika madzulo thanki inkauma, jenereta n'kuzima yokha, ndipo wobwera uja ankabwera. Tsiku ndi tsiku, osadumphitsa.

Madzulo ena a Jafali sanapite kuntchito. Anauza Felesi kuti akhala kuseri kwa mpanda wa bango, pamene pali kampata koonera kukhitchini.

"Ndimalondera katundu wa eni ake zaka zonsezi," anatero. "Ngati ndi munthu akuseweretsa anthu ovutika, ndimugwira ndi manja angawa."

Jenereta italira madzulo amenewo ndipo geti litatsekeka, Felesi anatuluka ndi nyali. Anawapeza a Jafali atakhala pansi m'matope, msana uli kumpanda, kofia yawo ya kumutu ili m'manja.

"Mwaona chiyani?"

"Musandifunse, mayi."

"Ndi iwo?"

A Jafali anapukuta nkhope ndi kofia ija. "Tsiku langozi lija, amene anapita kukazindikira thupi ndinali ine. Mmene ndinawaonera muja ndi mmene alili. Palibe chimene chapola." Analoza kumunsi. "Ndipo chitunda chonse chija amachikwera choncho, ndi chigubu paphewa. Mayi, munthu uja watopa."

Felesi analowa m'nyumba atapukuta maso, akuganiza zonama. Koma mayi Edinesi anali atadzuka, atakhala tsonga.

"A Jafali ati chiyani?"

"Ati sanaone bwino, kunali mdima."

"Felesi, ndinakubereka kumsana ine. Ati chiyani?"

Felesi anawauza. Makina ankang'ung'udza pambali pawo. Mayi Edinesi anamasula duku lamaluwa lija n'kulipinda pamwendo.

"Ine ndimati akubwera chifukwa andisowa," anatero. "Ndimakondwera. Ndimapempha kuti magetsi athime. Kani ndine ndikuwayendetsa pamsewu ndi mafupa othyoka."

Madzulo otsatira anamuuza Felesi kuti awanyamule awakhazike pampando pachitseko cha kuseri, makina ali pambali. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Chitseko anachitsegula. Kunja kunali kachisisira, khomo la khitchini likuoneka lakuda bii kutsidya kwa bwalo. Jenereta inatsokomola n'kuzima, makina anayamba kulira, ndipo anadikira.

Anadikira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Geti litalira, Felesi anagwetsa maso pansi, sanafune kuona. Anangomva mapazi aja akudutsa pabwalo, pafupi kwambiri, ndi fungo la petulo losakanikirana ndi la nsalu yonyowa. Mayi Edinesi anatsegula pakamwa kuti aitane, koma m'chifuwa munalibe kanthu. Milomo inkangoyenda. Popanda jenereta analibe mpweya wolankhulira.

Chingwe chinakokedwa, n'kukokedwa, n'kukokedwanso. Jenereta inalira. Mpweya unayamba kubwera m'kapaipi, ndipo atangoupeza wokwanira, mayi Edinesi anaitana ndi mphamvu zawo zonse.

"A Gama! Basi, a Gama! Musabwerenso!"

Koma mawu awo anali ochepa ngati a mwana wa mbuzi wobadwa kumene, ndipo phokoso la jenereta linawameza asanafike ndi pakati pa bwalo pomwe. Anayesanso, n'kuyamba kutsokomola. Anamugwira Felesi pachitenje.

"Awuze iwe. Kuwa, Felesi, awuze."

Felesi anadzutsa maso. Pakhomo la khitchini panali chinthu chakuda kuposa mdimawo, chitaima chowerama, mutu utapendekera kujenereta monga ankachitira a Gama pomvetsera ngati ikulira bwino. Anatsegula pakamwa. Anayesa kukuwa. Sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Mthunzi uja unawerama, unanyamula chinthu pansi, n'kuyamba kukoka mwendo kulowera kugeti.

Felesi anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya achemwali ake. "Ndakanika, achemwali. Ndakanika."

Mayi Edinesi anamusisita m'mutu. Atapeza mpweya anati, "Mawa undipititse kuchipatala."

"Paja munalumbira kuti simudzabwererako."

"Ndinalumbira iwo ali ndi miyendo yabwino. Akapeza kuti pano palibenso wofuna mpweya, mwina aleka."

A Jafali anapeza galimoto m'mawa. Powanyamula, mayi Edinesi anapempha kuti awadutsitse kukhitchini. Anagwira chogwirira cha chingwe chija, anachisunga m'manja pang'ono, n'kuchisiya. Bedi lawo sanaliyang'anenso.

Kuchipatala sanakhaleko ndi mwezi womwe. Imfa yawo sinali yofatsa, ndipo Felesi, amene ankagona pansi pa bedi lawo pachitenje, anaiona yonse. Mapapo anali atatheratu, mpweya wa kuchipatala sunkathandizanso. Tsiku lomaliza anavutika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akukanda khoma, akung'amba malaya pachifuwa, maso atatuluka ngati munthu womira m'madzi. Sankamuzindikiranso Felesi. Ankangoyang'ana kuchitseko cha wodi, milomo ikunena kuti, "Kokani, a Gama. Kokani."

Anakawaika ku Ntcheu, pambali pa amuna awo. Maliro atatha, abale a malemu a Gama anabwera ku Bangwe ndi lole n'kutenga katundu yense. Jenereta anachita kudula tcheni ndi sowo poti kiyi wa loko sankadziwika kumene ali. Felesi anabwera pambuyo pake kudzatenga zovala zake ndi kusesa m'nyumba, kuti olowamo atsopano asapeze zinyalala za odwala.

A Jafali anamupeza akusesa. Anali ataonda, maso atalowa.

"Sanaleke, mayi," anatero. "Nthawi yonse imene munali kuchipatala, magetsi akathima jenereta inkalira, babu n'kumayaka m'chipinda mopanda munthu. Chichotsereni jenereta ija, amangofika n'kuima m'khitchinimo mpaka magetsi ayake. Timamva tcheni ikulira. Akazi anga akuti tisamuke."

"Palibe wawauza?"

"Awauze ndani? Uthenga wa maliro umanenedwa ndi wachibale."

Felesi anayang'ana chikwama chake chimene chinali chomangamanga pakhomo. Minibasi zopita ku Ntcheu zinali zikadalipo. Anaimika tsache kukhoma.

"Ndigona konkuno lero," anatero.

Madzulo amenewo anakhala pansi pasimenti, m'nyumba yopanda mpando ngakhale umodzi, msana atautsamiritsa kuchitseko cha kuseri. Mwina magetsi sathima, ankadziuza choncho, ndipo samadziwa ngati akupempha kuti athime kapena asathime. Kunja ana a eni ake anaitanidwa kukasamba, utsi wa mbaula unayamba kununkhira m'makomo. Babu ya padenga inaphethira n'kuzima.

Munalibenso makina olira m'nyumbamo. Munali zii, moti ankamva mtima wake. Agalu anatonthola kumunsi. Bata linakwera chitunda pang'onopang'ono, likuima, likuyambanso. Geti linalira.

Mapazi aja anatenga nthawi kuti awoloke bwalo. Felesi akuti tsopano sanalinso mapazi awiri, koma ngati thupi lonse likukokedwa. Chigubu chinatulidwa, di. Kenaka anamva manja akupapasa pansi m'khitchini, pamene pankakhala jenereta, akupapasa uku ndi uku, n'kugunda chidutswa cha tcheni chotsala pansanamira. Tcheni inalira, ngwere, ngwere. Manja anayambanso kupapasa pomwe anayambira.

Chimenecho ndicho chinamutsegula khosi. Mantha analipo, koma chisoni chinawaposa.

"Alamu," anaitana.

Tcheni inaleka kulira.

Kwa nthawi yoyamba chiyambire zonsezi, mapazi aja sanalowere kugeti. Anabwera kukhonde. Anakwera sitepe movutikira, n'kuima kuseri kwa chitseko chimene Felesi anatsamira. Thabwa linazizira kumsana kwake. Pansi pa chitseko panayamba kulowa kamadzi, n'kunyowetsa m'mphepete mwa chitenje chake.

"Alamu, ndine Felesi. Ndili ndi uthenga." Mawu ankanjenjemera, koma ankatuluka. "Achemwali kulibe muno. Anapita kuchipatala mwakufuna kwawo, kuti inu muleke kuvutika ndi msewu. Anayesa kukuuzani, simunamve. Alamu, a Nangozo anatisiya. Tinakawagoneka ku Ntcheu, pambali panu. Mpweya sakuufunanso."

Kuseri kwa chitseko kunali chete. Felesi anamva madzi okha akudontha pasimenti, dontho ndi dontho. Anadikira mpaka anayamba kuganiza kuti mwina palibe amene wamva.

Ndiye panamveka mawu, pafupi ndi khutu lake penipeni, thabwa lokha lili pakati. Anali mawu a a Gama, koma ochepa, ophwanyika, ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"Anavutika?"

Felesi anatseka maso. Anaona khoma la kuchipatala lokandikakandika, malaya ong'ambika, milomo ija ikuitana munthu wokoka chingwe. Analuma mlomo mpaka kumva magazi.

"Ayi, alamu," anatero. "Anangogona tulo."

Panapita kanthawi. Kenaka chinthu chinagunda chitseko mofatsa kumtunda, ngati munthu watsamiritsa chipumi, ndipo thabwa lonse linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono kumsana kwa Felesi. Panalibe liwu lililonse, kunjenjemera kokhako. Iye anakhala pomwepo osasuntha, misozi ikutsikira m'khosi, mpaka kunjenjemerako kutaleka.

"Zikomo, mlamu."

Mapazi anatsika sitepe, anawoloka bwalo, geti linatsekeka bwinobwino. Felesi anatchera khutu kuti amve ngati akhotera kumunsi kapena kumtunda, koma sanathe kudziwa. Patapita nthawi galu wina anauwa kutali, anzake n'kumuyankha.

A Jafali sanasamuke. Akuti kuchokera tsiku limenelo magetsi amathima monga mwa masiku onse, ndipo pabwalo paja sipamvekanso kanthu. Felesi anabwerera ku Ntcheu, ndipo amene amalambula manda awiri aja ndi iyeyo.

Tsiku limene anandisimbira, ndinamufunsa ngati saopa kuti ananamiza munthu wakufa. Anayang'ana m'manja mwake.

"Anthu amati akufa amadziwa zonse," anatero. "Sadziwa. A Gama anandikhulupirira."